Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zofalitsa Nkhani: Chigwa cha Luangwa Chikufuna Nyuzipepala Yakeyake

Kwa Olemekezeka a Nduna,
Unduna wa Zofalitsa Nkhani,
Lusaka.

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mmodzi wa anthu a kuno ku Malambo, m'boma la Mambwe, amene amakonda kuwerenga, ndipo kalatayi ndailemba poyera chifukwa nkhani imene ndabwera nayo ndi ya tonse. Pempho langa ndi lakuti boma lithandize anthu a m'chigwa cha Luangwa kukhalanso ndi nyuzipepala ya m'Chinyanja, yotuluka papepala, pafoni ndi pawailesi, yokhala ndi njira zakezake zopezera ndalama kuti isadzafe bajeti ya chaka chimodzi ikatha. Ndalama zoyambira ntchitoyi zilipo kale m'manja mwa boma. Ndi zomwe zija mumalipirira zidziwitso zanu m'manyuzipepala a Chingelezi, amene anthu a kuno sawaona.

Za chigwa chathu zimalembedwa zambiri, kulembera anthu ena. Chiyambire 1950, pamene Mfumu Nsefu inamvana ndi Norman Carr kupatula dera loti alendo azidzaonerako nyama, ndiponso chikhalire paki South Luangwa mu 1972, mabuku, magazini ndi masamba a pa intaneti onena za Luangwa akhala akutuluka osalekeza m'zinenero za alendo. Mlendo amatsika ndege ku Mfuwe akudziwa kale mwezi umene mtsinje umaphwa, mtengo wa bedi pa loji iliyonse ndi malo amene nyalugwe amakonda kuonekera. Mayi wa kwa Msoro, amene njovu zamudyera mapira usiku wathawu, alibe tsamba lomuuza koti akadandaule, munthu woti akamuone ndi chimene lamulo likunena pa nkhani yake. Boma la Mambwe lili ndi anthu opitirira 100,000 malinga ndi kalembera wa 2022, pansi pa mafumu a Akunda awa: Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro. Anthu onsewa alibe nyuzipepala yofika m'manja mwawo mokhazikika m'chinenero chimene anaphunzira kuwerenga kusukulu ndi kutchalitchi.

Zoti awerenge zilipo zambiri, ndipo zambirizo ndi za ndalama zawo zomwe. Mu 2022 thumba la chitukuko cha m'madera la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo pofika 2024 linali litadutsa K30 miliyoni. Dera la Malambo limalandira nawo. Pali gawo la ndalama za ulenje wa m'dera la Lupande limene limabwerera kwa anthu kudzera m'mabungwe a m'midzi oyang'anira zachilengedwe, a CRB. Pali ndalama za kaboni zimene midzi ikulandira chifukwa chosunga nkhalango. Pali mtengo wa thonje, mtengo wa chimanga ku bungwe la boma logula mbewu la FRA, mndandanda wa alimi olandira zipangizo za ulimi za FISP ndi masiku olandirira ndalama za okalamba. Palinso nkhani za moyo weniweni: madzi a mtsinje wa Lupande akasefukira, kaodzera wobwera ndi kashembe, ndi matenda a anthrax, amene mu 2011 anadwalitsa anthu mazanamazana kumtunda kwathu ku Chama atadya nyama ya mvuu zofa zokha. Chilala cha 2024, chimene Mtsogoleri wa dziko anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 February chaka chimenecho, chinationetsa kuti pa njala mphekesera imathamanga kuposa chimanga cha chithandizo.

Mukafuna kuona mmene uthenga wa boma umafikira kuno, imani pa bolodi la zidziwitso pa ofesi iliyonse m'mawa wa Lolemba. Mupeza pepala la Chingelezi lomatidwa ndi timisomali, ngodya imodzi itapindika ndi dzuwa, lonena za mabasale a ana asukulu. Amayi atatu kapena anayi aima patsogolo pake, wina ndi mwana kumbuyo, kudikira mphunzitsi kapena mnyamata aliyense wodutsa kuti awawerengere. Iye amawerenga mothamanga, n'kumasulira zimene wamva, n'kusiya zimene sanamve. Amayiwo amabwerera kumudzi ndi theka la uthenga, ndipo nthawi zina tsiku lotsekera limakhala litadutsa kale. Amene anamva msanga ndi amene ali ndi mbale wake mu ofesi. Umu ndi mmene chithandizo cha onse chimasandukira cha ochepa popanda ndi mmodzi yemwe woba.

Mu December 2023 dziko lathu linapeza lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha ndi kulandira nkhani za m'maofesi a boma. Tinaliyembekeza zaka zoposa makumi awiri ndipo tikuthokoza. Koma mlimi wa kwa Malama sadzalemba kalata ya Chingelezi kufunsa malipoti a ndalama. Womufunsira ndi mtolankhani wa kwawo, amene akalandira yankho adzalisindikiza kuti mudzi wonse uone. Popanda nyuzipepala ya m'dera, lamuloli lidzathandiza a m'tauni okha.

Chimene ndikupemphachi si chachilendo m'dziko muno. Boma la atsamunda linayambitsa Mutende mu 1936, yolembedwa m'Chingelezi ndi m'zinenero zathu kuphatikizapo Chinyanja, ndipo inatuluka mpaka 1952. Titalandira ufulu, nthambi ya boma yofalitsa nkhani, imene mu 2005 inaphatikizidwa ndi bungwe lotola nkhani la ZANA kukhala ZANIS, inkatulutsa manyuzipepala a m'zigawo: Imbila, Intanda, Liseli, Lukanga, Ngoma, ndi yathu ya kuno kum'mawa, Tsopano. Akuluakulu ambiri a kuno amaikumbukira. Inkayenda m'manja mpaka kung'ambika, ndipo ena anazolowera kuwerenga chifukwa cha iyo. Lero mwana wa sukulu ya sekondale mukamufunsa za Tsopano amangoti kukamwa yasa.

Ndisanapemphe kuti ibwerere, ndinene chimene chinaifooketsa, kuopa kuti tingabwereze zomwezo. Inkadalira thumba limodzi, la boma, ndipo thumbalo likauma nayo inkaima. Inkatuluka modumphadumpha, kotero wowerenga sankadziwa tsiku loiyembekezera, ndipo wamalonda sakanaikamo chidziwitso cha katundu wake. Inkafika mochedwa, nkhani zitazizira. Masamba ake ambiri ankadzaza ndi zokamba za akuluakulu a boma. Kunalibe munthu amene ntchito yake inali kufunsa kuti wowerenga wathu ndani, akufuna chiyani, ndipo ndani angalipire kuti tsambali lituluke mwezi wa mawa. Nyuzipepala ndi utumiki, koma ndi malondanso, ndipo mbali yachiwiriyi ikanyalanyazidwa yoyambayo imafa nayo.

Ndikudziwa kuti alangizi anu adzanena kuti nthawi ya pepala inatha. Ali ndi umboni. Ndalama za otsatsa malonda zinasamukira ku Facebook ndi Google, mapepala osindikizira amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo ngakhale ku South Africa kampani yaikulu ya Media24 inaleka kusindikiza Beeld, Rapport, City Press ndi Daily Sun kumapeto kwa 2024. Koma owerenga a manyuzipepala amenewo anali ndi kopita: foni zamakono, magetsi ndi intaneti. Kuno kuchokera ku Lusaka ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 700, ndipo nyuzipepala ya tsiku ndi tsiku sinakhalepo chizolowezi cha m'midzi yathu. Msika wathu sunafe. Palibe amene anaufikapo ndi katundu woyenera.

Amene anayesa kufika kwa owerenga onga ife anapeza kuti alipo. Ku Uganda, Bukedde inayamba mu 1994 m'Chiluganda n'kukhala imodzi mwa manyuzipepala ogulidwa kwambiri m'dzikomo. Ku Durban, Isolezwe inayamba mu 2002 m'Chizulu ndipo pa nthawi ina inkagulitsa makope opitirira 100,000 patsiku. Kwa abale athu ku Malawi, a Nation Publications anayambitsa Fuko, ya m'Chichewa ndi Chitumbuka, yogawidwa ulere m'midzi mothandizidwa ndi mabungwe. Ku India, amayi a m'midzi ya ku Uttar Pradesh anayamba Khabar Lahariya mu 2002 m'chinenero cha kwawo, akulemba ndi kugulitsa okha, ndipo mafoni atachuluka anasamutsira nkhani zawo pa makanema a pafoni osataya owerenga awo. Mu 2020 kunabadwa The Continent, nyuzipepala yokonzedwa dala kuti iziwerengedwa pafoni ndi kutumizirana pa WhatsApp. Onsewa anayamba ndi kumudziwa wowerenga, kenako n'kusankha njira yomufikira.

Wowerenga wa ku Mambwe ali pamitundu itatu. Woyamba ndi wogwira ntchito: mphunzitsi, namwino wa pa chipatala cha Kamoto, gaidi wa pa loji, sikauti, wamalonda wa pa msika wa Cropping. Ali ndi foni yamakono, amagula bandulo mosamala, ndipo safuna tsamba lolemera lomudyera ndalama. Wachiwiri ndi mlimi wodziwa kuwerenga Chinyanja, wa kafoni ka mabatani, amene amafuna pepala loti asunge m'thumba la pulasitiki pamodzi ndi chitupa chake, n'kukaliwerenganso akamakangana ndi wogula thonje. Wachitatu ndi amene sawerenga konse, ambiri mwa iwo amayi ndi okalamba, amene amamva nkhani pawailesi, kutchalitchi ndi pachitsime, makamaka m'Chikunda cha pakhomo. Wofalitsa nkhani amene angasankhe njira imodzi yokha wataya magulu awiri mwa atatuwa.

Njira zotumizirana zinthu anthu anapeza kale okha. Pitani pa kagolosale kalikonse kamene kali ndi sola padenga. Pa thebulo pali mafoni ambirimbiri akutchajidwa, iliyonse ndi kapepala ka dzina la mwini wake. Mnyamata wa pamenepo ali ndi kompyuta yakale, ndipo ukamupatsa kandalama pang'ono amakuikira nyimbo, maulaliki ndi mafilimu pa memori khadi. Anyamata awiri akhala pa benchi mafoni atayandikizana, kupatsirana kanema popanda bandulo. Mmodzi akakwera njinga kupita kumudzi kumene kulibe netiweki, kanemayo wafika kumeneko madzulo omwewo. Nyuzipepala imene ingakhale kafayilo kopepuka ndi mawu ojambulidwa a mphindi khumi idzayenda m'njira yomweyi popanda kulipira mafuta.

Choncho chimene ndikuganiza ndi gulu limodzi laling'ono la atolankhani, lotulutsa nkhani zomwezo m'njira zitatu. Papepala, masamba 8 kawiri pamwezi, pa tsiku lodziwika losasinthasintha, kusindikizira ku Chipata kuti mtolo ukwere basi m'mawa n'kufika masana. M'menemo mukhale zinthu zosungika: mitengo ya mbewu, mndandanda wa ntchito za CDF ndi ndalama zake, malipoti a CRB, malangizo a ulimi, mwayi wa ntchito, mpira wa m'midzi, makalata a owerenga ndi tsamba la ana asukulu. Pafoni, uthenga waufupi tsiku lililonse ndi nyuzipepala yonse ikatuluka, pamodzi ndi mawu ojambulidwa m'Chinyanja ndi m'Chikunda. Pawailesi, pulogalamu ya mlungu ndi mlungu yowerenga nkhanizo ndi kulandira mafoni a omvera. Wailesi ndiyo ili kale ndi makutu a anthu kuno kum'mawa. Breeze FM, imene Mike Daka anaiyambitsa ku Chipata kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, inaonetsa kuti wailesi ya m'Chinyanja ikhoza kuyenda ngati bizinesi, ndipo a bungwe la COMACO afikira alimi ambiri ndi pulogalamu yawo ya Farm Talk. Nyuzipepala iyende limodzi ndi mawailesi a m'dera, kugawana nkhani ndi otsatsa malonda.

Tsopano funso lalikulu, lakuti alipire ndani. Ndikuona matumba anayi.

Loyamba ndi zidziwitso za boma. Maunduna, makhonsolo ndi mabungwe a boma amalipira chaka ndi chaka kusindikiza zidziwitso za matenda, za malo, za ntchito, za zisankho ndi za misonkhano yomva maganizo a anthu pa zitukuko zokhudza chilengedwe. Chidziwitso chokhudza malo a kwa Kakumbi chikatuluka m'Chingelezi ku Lusaka kokha, lamulo lakwaniritsidwa koma mwini malo sanamve. Pakhale lamulo lakuti chidziwitso chilichonse chokhudza boma linalake chizitulukanso m'chinenero cha kumeneko, m'chofalitsira nkhani cha kumeneko, pa mtengo wodziwika kwa onse. Ndipo boma lizilipira pa nthawi yake, chifukwa kanyuzipepala kakang'ono sikangadikire ngongole miyezi isanu ndi umodzi pamene wosindikiza akufuna ndalama yake lero.

Lachiwiri ndi ogula mitolo: masukulu, zipatala, makopaletivu, mabungwe a CRB, mipingo ndi mabungwe oteteza nyama. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi adzaza, koma mwana akatuluka m'kalasi alibe chowerenga m'chinenero chake kupatula buku la sukulu. Sukulu iliyonse italembetsa makope khumi pa chaka chonse, wofalitsa angadziwe pasadakhale kuchuluka kwa mapepala oti agule. Ndalama yodziwika pasadakhale ndiyo imasunga nyuzipepala yamoyo.

Lachitatu ndi amalonda. Maloji amafuna ophika, oyendetsa galimoto ndi alonda, ndipo amagula ndiwo zamasamba kwa alimi a kuno. Ogulitsa mbewu ndi mankhwala a m'munda, makampani a thonje, a mafoni, a masola ndi mabanki onse akufuna mlimi yemweyu. Palinso zidziwitso zazing'ono za anthu wamba: njinga yamoto yogulitsa, mbuzi yosochera, ukwati, maliro ndi chiliza, zimene munthu angalipire ndi Airtel Money kapena MTN MoMo ali kwawo. Wamalonda akalipira kamodzi, uthenga wake utuluke papepala, pafoni ndi pawailesi. Apa pali chinthu chimodzi chimene wa ku Lusaka sangachione msanga. Ndalama za m'chigwa muno zimabwera nyengo imodzi. Thonje limagulitsidwa m'chilimwe, alendo nawonso amachuluka m'chilimwe, ndipo dzinja likafika makampu ambiri amatseka, misewu imaduka, m'matumba mumauma. Koma dzinja lomwelo ndi pamene anthu amafuna kwambiri nkhani za madzi, za malungo ndi za njovu m'minda. Motero mapangano ndi otsatsa malonda akuluakulu akhale a chaka chathunthu, kuti zokolola za chilimwe zidyetse nyuzipepala mpaka mvula itatha.

Lachinayi ndi owerenga eni ake. Pepala likhale ndi mtengo, ngakhale wochepa, chifukwa wogulitsa akamapezapo kangachepe amaliyendetsa ndi mtima wonse, ndipo wofalitsa amadziwa ngati anthu akulifunadi. Ana a m'chigwa chino amene ali ku Lusaka, ku Copperbelt ndi kunja amafunitsitsa kumva za kwawo, ndipo ambiri angalipire pamwezi kuti azilandira pafoni, ena n'kulipiriranso sukulu imene anaphunzirako. Nthawi ya alendo ndi ya mwambo wa Akunda wa Malaila pakhoza kutuluka kope lapadera lokhala ndi masamba a Chingelezi, logulitsidwa m'maloji ndi pabwalo la ndege pa mtengo wa alendo, lonena za anthu a m'chigwa monga momwe iwo eni amadzionera.

Pa matumba anayiwa pasakhale limodzi lopereka zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zonse. Wopereka zonse amalamula zonse, ndipo tsiku limene wakwiya kapena wasauka, nyuzipepala yatha.

Kagawidwe kake sikafuna galimoto ya boma. Mabasi ndi mataxi a pa msewu wa Chipata ndi Mfuwe amayenda tsiku ndi tsiku. Timatebulo ta ndalama za pafoni tili pa msika uliwonse, ndipo eni ake amadziwa kale kusunga kaundula ndi kutumiza ndalama madzulo. Kumidzi yakutali kuli anyamata a njinga zamoto, alangizi a zaumoyo ndi akatekisiti. Aliyense wa iwo akhoza kukhala wogulitsa, n'kumabweretsanso nkhani ndi madandaulo a kumene wachokera. Kaundula wawo ndiye adzauze wofalitsa kumene pepala likugulidwa ndi kumene likubwerera, ndipo manambala amenewo ndi amene wamalonda amafuna kuona asanatulutse ndalama.

A Nduna, mbali yotsatirayi ndi yovuta kwa aliyense amene ali pampando, koma popanda iyo zonse ndanenazi zigwa. Anthu sagula nyuzipepala imene saikhulupirira. Tsiku limene owerenga adzaone kuti mlatho wa CDF unagumuka koma pepala lili chete, adzasiya kuligula, amalonda adzawatsatira, ndipo boma lidzatsala likulipira masamba okulungira zitumbuwa. Nyuzipepalayi idzayenera kulemba za khansala, za phungu, za wapampando wa CRB, ngakhale za ofesi yanu. Idzayenera kulemba dzina la mudzi umene munthu waphedwa ndi njovu kapena kugwidwa ndi ng'ona, ngakhale otsatsa malonda ake akuluakulu atakhala a zokopa alendo. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tonse tikukumbukira nyuzipepala ya The Post, imene inayamba mu 1991 n'kutsekedwa mu June 2016 pa mlandu wa misonkho, anthu ambiri akuona kuti munalinso ndale. Boma linachita bwino kuchotsa mlandu wonyoza Mtsogoleri wa dziko mu December 2022. Mtima womwewo ufike kuno kumudzi, kumene mtolankhani amakumana pamsika ndi munthu amene wamulemba dzulo. Chifukwa chake nyuzipepalayi isakhale nthambi ya ofesi. Ikhale m'manja mwa bungwe la anthu a m'dera, mokhala oimira alimi, amayi, aphunzitsi, mipingo, amalonda ndi mafumu, ndipo mkonzi asankhidwe poyera, asachotsedwe chifukwa cha nkhani yoona.

Zopempha zanga kwa inu ndi zisanu. Choyamba, mutengere ku nduna zinzanu lamulo lija lakuti zidziwitso za boma zizitulukanso m'zinenero za m'madera, ndi nthawi yoikika yolipirira. Chachiwiri, dzina la Tsopano, limene anthu akulikumbukirabe, mulipereke kwa bungwe loima palokha la kuno kum'mawa, ndipo nkhani ndi zithunzi za atolankhani a ZANIS a m'maboma ziziperekedwa kwaulere kwa ofalitsa a m'madera. Chachitatu, mukambirane ndi Unduna wa Zachuma za kuchepetsa misonkho pa mapepala ndi inki ya ofalitsa ang'onoang'ono a m'zinenero zathu. Chachinayi, mukambirane ndi bungwe loyang'anira za mauthenga la ZICTA ndi makampani a mafoni za kumanga nsanja kumidzi imene kulibe netiweki, ndi za bandulo yotsika mtengo yowerengera nkhani za m'dera. Chachisanu, muyesere kuno ku Mambwe kwa zaka ziwiri, malipoti a ndalama ndi a makope ogulidwa azisindikizidwa m'nyuzipepala momwemo miyezi itatu iliyonse. Zikayenda, Chama, Lumezi, Nyimba ndi maboma ena adzatengera. Zikalephera, aliyense adzaona pamene palakwika.

Maphunziro amene atolankhani athu adzafune asakhale a kalembedwe kokha. Adzafuna kudziwa kuwerengera mtengo wa tsamba, kukambirana ndi wotsatsa malonda, kusunga mabuku a ndalama, kusiyanitsa nkhani ndi chidziwitso cholipiridwa kuti wowerenga asasokonezeke, ndi kutsimikiza mphekesera ya pa WhatsApp asanaifalitse. Timanyuzipepala tambiri ta m'madera tinayambitsidwa ndi olemba aluso amene analibe wowasungira kaundula, ndipo tinatha ndalama za wothandiza zitangotha.

Ifenso sitikubwera chimanjamanja. Muli achinyamata m'chigwa muno amene anamaliza giredi 12, odziwa kujambula ndi foni ndi kulemba Chinyanja chomveka, amene akungokhala kudikira nyengo ya alendo. Muli aphunzitsi opuma ntchito amene angakonze zolembedwa. Muli amalonda amene akulipira kale anyamata kuti azizungulira ndi chimkuzamawu kulengeza katundu wawo. Mafumu athu ali ndi misonkhano kumene pepala lingawerengedwe mokweza. Chimene tilibe ndi lamulo lotsegula thumba loyamba lija, ndi chitsimikizo chakuti wolemba zoona sadzavutitsidwa. Ziwiri zimenezi zili m'manja mwa ofesi yanu.

Ndikukupemphani kuti muyankhe kalatayi poyera, ndipo yankholo limasuliridwe m'Chinyanja n'kuwerengedwa pa mawailesi a kuno kum'mawa, kuti amene nkhaniyi ikuwakhudza alimve okha. Ngati mungatumize akuluakulu a unduna wanu kuno bajeti ya chaka chamawa isanakonzedwe, adzatipeza tili okonzeka kukhala nawo pansi, pamodzi ndi amalonda, aphunzitsi ndi oimira mafumu, kuti tiwerengere limodzi mtengo wa kope loyamba.

Ndatha ine wanu mwaulemu,

Wowerenga wa ku Malambo,
Boma la Mambwe.